Fairmont ya Bambo a Tamanda ikulavula moto m'kabuleta

Gulu: Okonda Galimoto Zakale

Loweruka madzulo

Bambo a Tamanda: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto, ndipo chonde musandiseke. Ford Fairmont ya 1971 ija ndinakuonetsani chaka chatha, lero ndimati ndiilize koyamba chimangireni injini. Miyezi 14 ndakhala ndikugona mochedwa m'kagalaja kakuseri kuno ku Rosettenville, ku Joni. Ndatembenuza kiyi, yalira ndithu, koma ikunjenjemera ngati munthu wa malungo, kenako phuu! moto m'kabuleta, lawi mpaka kunyambita boneti. Katatu konse. Nsidze yakumanzere yapita.

Mnyamata wa Sienta: Kkkkk bambo, galimoto yakumetani isanayende ndi phazi limodzi lomwe.

Achemwali a Mawaya: Musailizenso kaye achimwene. Injini ndi iti, ndipo mwasinthamo chiyani?

Bambo a Tamanda: Ndi V8 ya 302 Windsor. Mmene ndimagula galimotoyi inali itafa kale, itakhala pansi pa mtengo zaka zambiri, mapisitoni awiri atagwirana ndi dzimbiri. Ndinakaboolesa buloko, ndaika mapisitoni ndi maring'i atsopano, mabering'i, kamu yatsopano (chitsulo chotsegula mavavu) ndi malifita ake. Kabuleta ndi Holley 600 yakale, ndinaitsuka ndekha. Mawaya a mapulagi ndaika momwe buku likunenera, dongosolo la kuombera kwa masilinda ndi 1-5-4-2-6-3-7-8.

Malume a ku Indiana: Funso loyamba aphwanga, silinda 1 mwaiwerengera mbali iti? Mabuku a kuno amalemba kuti pa Ford silinda 1 ili kutsogolo kumbali ya pasinjala. Koma pasinjala wa ku America amakhala kumanja. Yanuyo chiwongolero chili kumanja, ndiye 1, 2, 3, 4 ali kumbali ya dalaivala, 5 mpaka 8 kumanzere. Ndipo distributor ya Ford, yogawa moto ku mapulagi ija, imazungulira mobwerera, osati momwe muvi wa wotchi umayendera. Amene anazolowera Chevrolet amagwa pamenepo kawirikawiri.

Bambo a Tamanda: Dzenje limenelo ndinaliona malume, ndinalilambalala. Silinda 1 ili kumanja, ndinachita kulemba manambala ndi choko pa valve cover. Ndawerenga mawaya kasanu. Mkazi wanga wawerenganso iye, buku lili m'manja.

Achemwali a Mawaya: Nanga distributor simunailowetse chozondoka? Pisitoni imafika pamwamba kawiri, koma moto umafunika ulendo umodzi wokha, pamene mavavu onse awiri atseka.

Bambo a Tamanda: Ndinatseka bowo la pulagi ndi chala, mpweya unandikankha, chizindikiro cha pa pule chinali pa malo ake. Komanso ikanakhala yozondoka sikanalira n'komwe. Iyi ikulira, kungoti ikulira mopunduka.

Mnyamata wa Sienta: Ine ndifunse zachibwana. Bambo, ndalama zonse mwathira mu chiphaphachi simukanagula Hilux yoti izikakunyamulirani chimanga ku Ntcheu? Kuno tikugona pa mizere ya petulo, inu mukumanga chinthu chakumwa ngati chili ndi ludzu la chaka chonse.

Bambo a Tamanda: Aise, sabata yonse ndimawongola mabampala a galimoto za anthu, zonse zofanana ngati mabanzi a mu uvuni umodzi. Ukatsegula boneti umangoona pulasitiki ndi mawaya a kompyuta. Iyi ndikatsegula boneti ndimaona pansi, chilichonse ndimachigwira ndi dzanja. Zoti imamwa ndikudziwa. Walira mvula walira matope.

Mnyamata wa Sienta: Komanso ndi muscle car imeneyo? Ya zitseko zinayi ngati ya a headmaster?

Malume a ku Indiana: Funso limenelo kuno amatha kusowa nalo tulo. Ambiri amati zinayamba ndi Pontiac GTO mu 1964. Anatenga injini ya 389 ya galimoto zikuluzikulu n'kuiika m'thupi la Tempest, lomwe linali lapakatikati. Nzeru yake ndi yomweyo basi, injini yaikulu m'galimoto yopepukirapo, pa mtengo woti mnyamata wa pafakitale akwanitse. Kenako Dodge Charger, Plymouth Road Runner, mpaka Chevelle SS 454 ya 1970 yomwe ankailemba kuti 450 horsepower. Sizinakhalitse. Inshulansi inakwera, malamulo a utsi anakhwima, mafuta anasowa mu 1973, nkhani n'kuthera pomwepo. Ngakhale Mustang yanga ya 1966 akadaulo a kuno amakana, amati ndi pony car, gulu la galimoto zocheperako. Ndiye aphwanga musade nkhawa, tonse ndife alendo pa ukwatiwu.

Bambo a Tamanda: Yangayi ndi mwana wa ku Australia. Kumeneko ndi Falcon, kuno ankazimangira ku Port Elizabeth. Inalipo ya GT yokhala ndi 351 Cleveland, yomwe chipewa cha kabuleta chimatulukira pa boneti n'kumagwedezeka injini ikamalira. Imeneyo ndiye ya ndalama, zambiri anthu a ku Australia anabwera kudzazigula n'kubwerera nazo kwawo. Yanga si GT, sindingakunamizeni. Koma thupi ndi lomwelo.

Admin: Tibwerere ku moto uja akuluakulu, munthu nsidze zatsala za mbali imodzi.

Achemwali a Mawaya: Kapu ya distributor ilibe mng'alu? Mawaya a 7 ndi 8 sanagundane mtunda wautali? Pa dongosolo limenelo awiriwa amaombera motsatizana, ndipo akagona pamodzi moto umadumphira kwa mnzake.

Bambo a Tamanda: Kapu ndi yatsopano, mawaya ndawasiyanitsa. Achemwali, mutu waima. Ndazimitsa magetsi m'galaja, ndili pakhonde.

Loweruka usiku

Agogo Sipanala: Ana anga, mdzukulu wandiwerengera zonse, ndipo ndi iyeyo akundilembera chifukwa zala zanga ndi tizilembo ta pafoni sitigwirizana. Bambo a Tamanda, ndikufunseni chimodzi. Kamu munaigula kuti, ndipo inabwera ndi kapepala?

Bambo a Tamanda: Agogo, ndinaigula pa msika wa zitsulo zakale umene anthu a galimoto zoterezi amachita Lamlungu lina pa mwezi. Mzungu wina wachikulire anali nayo pa tebulo, yatsopano, girizi wa kufakitale adakali pomwepo, atakulunga m'nyuzipepala. Bokosi panalibe, pepala panalibe. Anangoti ndi ya small block Ford, mtengo wake theka.

Agogo Sipanala: Basi, wakuba wapezeka. Safunsa anadya phula. Tamverani bwino. Dongosolo la kuombera kwa masilinda silili m'buku, lili pa kamu. Buku likunena za kamu imene injini inabadwa nayo. Kamu ya 351 Windsor imalowa mu 302 bwinobwino popanda kukakamiza, koma iyo imatsegula mavavu motere: 1-3-7-2-6-5-4-8. Ikani manambala awiriwa pamodzi muone. 1, 2, 6 ndi 8 ali pa malo omwewo. 5 wasinthana ndi 3, 4 wasinthana ndi 7. Ndiye masilinda anayi akugwira ntchito, n'chifukwa chake ikulira. Anayi enawo akulandira moto pamene vavu ya petulo yayamba kutseguka. Motowo upite kuti? Ukubwerera komwe petulo akuchokera, n'kudzakupezani pa nsidze.

Malume a ku Indiana: Eeh! Agogo mwalasa. Ndi zoona, ngakhale ma 302 a HO (High Output, amphamvu aja) a m'ma 1980 amatsata dongosolo la 351 lomwelo, ndipo makamu ambiri ogula padera amawasema choncho. Ine ndinathamangira za mbali ya pasinjala, osaganizako za kamu.

Bambo a Tamanda: Ndikupita kukasintha mawaya pompano.

Agogo Sipanala: Ayi, khalani pansi. Ine ndangoganiza, sindinaone. Mawa kukacha chotsani mapulagi onse, muzungulitse injini ndi sipanala pa bawuti ya pule, osati ndi sitata. Fikani pamene silinda 1 yakankha chala. Kuchoka pamenepo muzungulitse kota imodzi yokha, wina atatseka bowo la 5 ndi chala, wina la 3. Limene lipume ndi limene likuuzeni kamu imene muli nayo. Chitsulo sichinama, amanama ndi wogulitsa.

Agogo Sipanala: China. Musamangoikoka ndi sitata nthawi yaitali. Kamu yatsopano ya malifita osalala pansi imadalira girizi amene munapaka pomanga. Mukamaizungulitsa pang'onopang'ono girizi amapukutika, oyilo asanayambe kuwazikira bwino, ndipo mapiri a kamu amadyeka tsiku loyamba lomwelo. Ndinaonapo kamu itasalala ngati mpini wa khasu galimoto isanatuluke pa geti.

Mnyamata wa Sienta: Agogo zimenezi munaziphunzira kuti? Ku Ndirande kuli V8?

Agogo Sipanala: Mwana iwe, ine ndinapita ku Joni pa selefu ndili mnyamata, anzanga akupita ku migodi pa Wenela. Ndinayamba ndi kusesa pa galaja ina ku Germiston, kenako kutsuka zitsulo m'palafini, kenako anandipatsa sipanala. Masiku amenewo ku South Africa ankapanga zawozawo. Basil Green ankatenga Ford Capri, kagalimoto kakang'ono, n'kuikamo 302 yomweyi, dzina lake Capri Perana. A Chevrolet anayankha ndi Firenza Can-Am mu 1973, anapanga 100 zokha kuti aloledwe pa mpikisano. Kunalinso Chevrolet SS, yomwe kwenikweni inali Holden Monaro ya ku Australia yovala dzina lina. Perana ikamabwera pa galaja timaidziwa isanakhote pa kona. Abwana sankalola munthu wakuda kuiyendetsa, ine ndinkangoitsegula boneti. Koma ndinaimvetsa kuposa eni ake.

Achemwali a Mawaya: Agogo, tsiku lina mudzatikambire zonsezi bwinobwino. Achimwene a Tamanda, poti moto wabwerera katatu, Holley yakaleyo mwina yaphulitsa power valve. Ndi kachinthu ka rabala kopyapyala, makabuleta akale analibe chokateteza. Kakang'ambika petulo amangotsikira, utsi wakuda, maso kuwawa, ndipo petulo ameneyo amatsuka oyilo m'masilinda pamene maring'i atsopano akufuna kukhazikika. Sinthani musanailize. Ndi gasiketi yake yomwe.

Bambo a Tamanda: Mashopu atsekatu mpaka Lolemba.

Achemwali a Mawaya: Mwadikira miyezi 14, Lolemba si patali. Ndipo poiliza muvalike chipewa chake cha mpweya, chozimitsira moto chikhale pafupi. Khalidwe lathu lija lothira petulo wa m'botolo m'kabuleta wina akukoka kiyi musaliyerekeze. Kuno ku Kanengo mnyamata wina amene tinkagwira naye ntchito anapsa mkono wonse choncho, botolo linayakira m'manja.

Lamlungu

Bambo a Tamanda: Agogo! Tachoka ku tchalitchi, sindinavule ndi jekete lomwe. Tamanda watseka bowo la 3, mayi ake la 5, ine ndikuzungulitsa. Mwana wakuwa kuti adadi chikundiuzira! Kwa mayi ake zii. Ndapitiriza kota ina, 7 wapuma. Ndi ya 351 ndithu.

Agogo Sipanala: Sinthani 5 ndi 3, 4 ndi 7. Mukatero mulembe dongosololo pa kachitsulo mukhomere m'kati mwa boneti, kuti wodzaigwira pambuyo panu asadzapsenso nsidze.

Malume a ku Indiana: Vuto la galimoto za zaka 50 ndi limeneli, yadutsa m'manja ambiri ndipo aliyense anasiyamo nzeru zake. Yanga ndinaigula ikuwala, penti yofiira ngati tomato. Nditafika nayo kunyumba ndinayendetsa maginito m'mbali, kumbuyo kwa matayala maginito akungogwa. Fila yokhayokha, chala chonse kuzama. Kuno nthawi yozizira amathira mchere m'misewu, ndiye dzimbiri limadya kuchokera pansi. Ndinathira ndowa ya madzi pa timabowo ta kutsogolo kwa galasi, madzi onse anatulukira pa mapazi a dalaivala. Nditakweza kapeti ndinaona simenti ya galaja. Wina anatseka bowo ndi chikwangwani cha pamsewu n'kupakapo phula. Mustang ilibe chasisi chapadera, thupi lomwelo ndiye mafupa ake, ndiye pansi pakawola galimoto yonse yawola. Zaka ziwiri ndinali wowotcherera, osati makaniko. Injini ndinaigwira chaka chachitatu.

Bambo a Tamanda: Apo ndiye ndinapulumuka malume. Kuno ku Gauteng n'kouma, za ku Durban ndi Cape Town ndiye zimadyeka ndi mphepo ya kunyanja. Yanga inaola pansi pa buti ndi m'makona a zitseko basi, ndipo imeneyo ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ndinadula, ndinapinda chitsulo chatsopano, ndinawotcherera. Fila ndinangopaka ngati batala pa buledi wa alendo.

Mnyamata wa Sienta: Kkkk buledi wa alendo. Koma masipeya mumawapeza?

Bambo a Tamanda: A injini savuta, 302 inadzaza dziko. Chovuta ndi tinthu ta thupi, magalasi a magetsi akumbuyo, timizere ta kromu, marabala a zitseko. Zimenezo mpaka ku Australia, ndipo mtengo wotumizira umaposa wa katunduyo. Chimene chinandizunza poyamba ndi masipanala. Mabawuti ake ndi a mainchesi. Sipanala 13 pa bawuti ya 1/2 imagwira ngati ikugwira, ukakoka mwamphamvu yadya makona. Pa 9/16 ndiye 14 sakulowa, 15 akuterera. Ndinaononga mabawuti asanu ndisanagonje n'kukagula bokosi lonse la mainchesi.

Agogo Sipanala: Ndipo musadzakakamize bawuti ya mamilimita m'bowo la buloko. Imalowa mizere iwiri kenako yadya zonse. Ana a masiku ano amati yalimba, osadziwa kuti yapha.

Achemwali a Mawaya: Ine ndili ndi funso limene palibe wafunsa. Penti mwapopera, injini mwamanga. Mabuleki?

Bambo a Tamanda: Mabuleki... pedulo ikulimba ndithu.

Achemwali a Mawaya: Ndinadziwa. Amuna nonse a m'gulu muno ndinu amodzi, mumayamba ndi zimene anthu aone ndi zimene anthu amve. Galimoto yakhala pansi pa mtengo zaka zonsezo, mafuta a mabuleki amayamwa madzi, mapaipi achitsulo amaola kuchokera m'kati, a rabala amafufuma. Pedulo imalimba m'galaja, n'kudzaphulika tsiku limene mwaponda mwadzidzidzi, Tamanda ali kumbuyo. Mapaipi onse atsopano, master cylinder (pampu ya mabuleki), marabala a m'mawilo. Ndipo fumbi la mabuleki akale musaliuzire ndi kompuresa, ambiri anali ndi asbestos. Nyowetsani, pukutani.

Malume a ku Indiana: Achemwali akunena zoona. Yanga ya 1966 inabwera ndi master cylinder ya mphika umodzi, paipi imodzi ikaboka mawilo onse anayi alibe mabuleki. Kuyambira 1967 anayamba kuika ya miphika iwiri. Ine ndinasintha, ngakhale akadaulo a ziwonetsero amati ndaononga chiyambi chake. Aziti choncho, khosi ndi langa.

Bambo a Tamanda: Ndamva, ndagonja. Siituluka pa geti mabuleki asanathe. Cholinga changa n'choti December wa chaka chamawa ndidzaiyendetse mpaka kumudzi, Beitbridge, Tete, Dedza, anthu a pa Ntcheu adzaimve.

Achemwali a Mawaya: Mukatero mudziwiretu za petulo wa kuno. Amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Chikwawa, ndipo tinayamba kale zimenezi, mu 1982. Galimoto zatsopano sizidandaula, koma mapaipi a rabala akale ndi rabala ya m'pampu ya petulo zimafewa kapena kuuma n'kusweka. Ethanol amakokanso chinyezi, ndiye galimoto yongokhala miyezi, thanki imachita dzimbiri. Gulani mapaipi olembedwa kuti amapirira ethanol, muikenso sefa ina pakati.

Agogo Sipanala: Ndi mipando ya mavavu. Injini zimenezi zinabadwa petulo ali ndi mtovu, umene unkateteza pamene vavu ya utsi imakhala. Petulo ameneyo kulibenso. Pa ulendo wautali chonchi, injini itatentha tsiku lonse, vavu imadzikumbira m'mutu. Munaikitsa mipando yolimba?

Bambo a Tamanda: Imeneyo ndinaikitsa agogo, a ku makina anandikakamiza. Ndinkadandaula ndalama, lero ndikuthokoza.

Malume a ku Indiana: Osaiwala kuti Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700. Mpweya ndi wochepa, ndiye Holley yochokera kuno imathira petulo wambiri kumeneko, mpaka majeti atsike pang'ono. Koma mukawatsitsa n'kutsikira ku Tete kotentha kuja, idzakhala ndi njala ya petulo n'kuyamba kutentha. Majeti akalewo musataye, muwasunge m'kabotolo.

Mnyamata wa Sienta: Ine ndadzipereka kudzakuchingamirani pa Dedza ndi zigubu. Mudzandilipire pondikweza kutsogolo.

Lachiwiri madzulo

Bambo a Tamanda: Akuluakulu, power valve inalidi yong'ambika, achemwali munalosera. Ndasintha. Oyilo ndathira 20W-50 wokhala ndi zinc monga malume anandiuzira ku inbox. Ndatsegula chitseko chonse cha galaja, galimoto ndaikankhira mchira panja chifukwa cha utsi. Ndangogwira kiyi kamodzi. Kamodzi kokha! Ndatumiza kavidiyo.

Malume a ku Indiana: Imeneyo ndiye V8! Musaisiye pa idle, ikwezeni 2,000 mpaka 2,500, muzisinthasintha, mphindi 20 zikwane. Diso pa geji ya oyilo ndi ya kutentha.

Bambo a Tamanda: Zatheka kale malume, Tamanda ndiye anagwira wotchi. Mphindi 22. Mayi a nyumba yoyandikana nayo anatulukira pa mpanda atanyamula mwana, ndinangowaonetsa zala kuti zatsala zisanu. Ndakhetsa oyilo akadali wotentha, ndadula sefa n'kuyala pepala lake padzuwa. Tizitsulo tonyezimira palibe, kungoti kafumbi kotuwa pang'ono.

Agogo Sipanala: Kafumbi kameneko ndi girizi ndi maring'i, musaope.

Mnyamata wa Sienta: Ndamvera pa mahedifoni, mpaka m'mimba mwanjenjemera. Bambo ndakhululuka za Hilux zija.

Bambo a Tamanda: Koma musasangalale kwambiri. Nditazimitsa ndapeza madzi obiriwira pa kapeti yatsopano, kumbali ya pasinjala. Akudontha kuchokera pansi pa dashibodi.

Achemwali a Mawaya: Hita yaboka. Lumikizani mapaipi ake awiriwo kutsogolo kuti madzi asalowe m'kati, mudzaiona pambuyo. Kapeti itulutseni iume, pansi pangayambenso dzimbiri. Mabuleki kaye.

Bambo a Tamanda: Mapaipi a mabuleki ndakaitanitsa kale achemwali, risiti ndikutumizirani ngati simukukhulupirira.

Achemwali a Mawaya: Tumizani.

Agogo Sipanala: Bambo a Tamanda, kavidiyo kaja mdzukulu wakafufuta mwangozi. Mawa mukailiza mujambulenso, koma foni muiike pansi pafupi ndi ekizozi, osati m'manja. Ndipo musalankhulemo.